Mawu 12 Ndiwo Ndalama Zanu: Mafunso ndi Mayankho pa Chikwama cha Crypto cha Pafoni

Ambiri amayamba kumva za Bitcoin kapena USDT kwa mnzawo, ndipo dzuwa lisanalowe amakhala ataika kale pulogalamu yake pafoni. Pulogalamuyo ikangotseguka imaonetsa mawu 12 a Chingerezi n'kunena kuti alembedwe papepala. Apa ndi pamene anthu amathamanga, poganiza kuti ndi zija timangovomereza osawerenga. Koma nkhani yonse yagona pa mawu amenewa, ndipo ambiri amene adalira chifukwa cha ndalama zawo adalakwitsa pa mphindi imeneyi.

Kodi chikwama chodzisungira wekha n'chiyani? Si chimodzimodzi ndi akaunti ya ku Binance kapena Luno?

Si chimodzimodzi. Funso lozisiyanitsa ndi limodzi: makiyi ali ndi ndani? Mukatsegula akaunti ku kampani yogulitsa crypto, ndalama zimakhala m'manja mwa kampaniyo, ndipo nambala imene mumaona pafoni ndi lonjezo lawo loti adzakupatsani tsiku limene mudzafune. Ndi mmene zililinso ndi Airtel Money kapena Mpamba. Mukaiwala PIN, mumapita ku ofesi ndi chiphaso chanu, iwo n'kukukonzerani.

Chikwama chodzisungira wekha, monga Trust Wallet, MetaMask, BlueWallet, Exodus kapena Phoenix, chilibe ofesi yoteroyo. Pulogalamuyo imapanga makiyi achinsinsi m'foni mwanu momwemo, ndipo amene adaikonza sawaona. Simufunsidwa dzina, chiphaso kapena nambala ya foni. Eni pulogalamu sangakutsekereni ndalama, komanso sangakubwezereni zikapita. Ziwirizi zimayendera limodzi, simungasankhepo chimodzi.

Ndiye kuti ndalamazo zimakhala m'foni mwanga?

Ayi. Zimalembedwa m'kaundula wamkulu wotchedwa blockchain, amene makompyuta zikwizikwi padziko lonse amasunga, iliyonse kope lake. Wa Bitcoin adayamba mu Januwale 2009, ndipo pafupifupi mphindi 10 zilizonse amawonjezeredwa tsamba latsopano. Foni yanu imangosunga kiyi wosainira kuti ndalama za pa adiresi yakutiyakuti zipite kwa uje. Foni itagwera m'madzi lero, m'kaundulamo simusintha kanthu.

Nanga n'kudzivutitsiranji? Bwanji osangosiya ndalama ku kampani?

Chifukwa makampani amagwa. Mt. Gox ya ku Tokyo, yomwe idali msika waukulu wa Bitcoin padziko lonse, idatseka mu Febuluwale 2014 italengeza kuti ma Bitcoin pafupifupi 850,000 asowa, ndipo amene adasungitsako ndalama adadikira zaka 10 kuti ayambe kubwezeredwa zina mu 2024. Ku Canada, mkulu wa QuadrigaCX, Gerald Cotten, atamwalira mu Disembala 2018, makasitomala adauzidwa kuti iye yekha ndiye ankadziwa kutsegula kumene ndalama zinkasungidwa; kafukufuku adadzapeza kuti zambiri zidali zitasakazidwa kale. FTX idagwa mu Novembala 2022 m'masiku owerengeka, ndipo mkulu wake Sam Bankman-Fried adalamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Amene adali atachotsa ndalama zawo n'kuziika m'zikwama zawozawo sadatsekeredwe kanthu. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Koma ndisabise mbali inayo. Mukadzisungira nokha, ngozi ya kampani imachoka, n'kubwera ngozi ya inuyo: kuiwala, kutaya pepala, kunamizidwa. Munthu amene amaiwalaiwala PIN ya foni yake adziyese kaye moona mtima asanasenze katundu ameneyu.

Mawu 12 aja ndi a chiyani kwenikweni?

Ndi kiyi weniweniyo, wolembedwa m'njira yoti munthu athe kukopera. Kiyi ndi nambala yaitali kwambiri, yosavuta kulakwitsa poilemba, ndiye mu 2013 akatswiri adakonza njira yotchedwa BIP39 yosandutsa nambalayo kukhala mawu. Mawuwo amatengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048, ndipo pa mndandanda wa Chingerezi palibe mawu awiri ofanana zilembo zinayi zoyambirira. Zikwama zina zimapereka mawu 24. M'pulogalamu mudzawapeza akutchedwa recovery phrase kapena seed phrase. Mndandanda wa Chichewa palibe, choncho muwakopere monga alili, chilembo ndi chilembo, osawamasulira, ndiponso motsatira ndondomeko yake: oyamba akhale oyamba, omaliza akhale omaliza.

Kuchokera pa mawu amenewa pulogalamu imapanga maadiresi anu onse, a Bitcoin, a Ethereum, a Tron ndi ena. N'chifukwa chake aliyense amene wawaona, ngakhale ali kutsidya kwa nyanja, angathe kuwalowetsa m'foni yake n'kusesa zonse, osakhudza foni yanu, osadziwa PIN yanu. PIN ndi chidindo cha chala zimateteza foni imodzi yokhayo. Mawuwo amatsegula ndalama paliponse.

Kodi wina sangangoyesayesa mpaka kuwapeza?

Mawu osankhidwa ndi pulogalamu, ayi. Njira zowasanjira n'zochuluka moti chiwerengero chake chimalembedwa ndi manambala 39 ondondozana, ndipo makompyuta a padziko lonse ataphatikizana sangazimalize. Choopsa n'kudzisankhira mawu, monga vesi kapena mayina a ana. Zoterozo zimapezeka msanga. Akuba ambiri sataya nthawi n'kuyesayesa. Amangokupemphani, inu n'kuwapatsa.

Ndiwasunge bwanji?

Papepala, ndi dzanja lanu, muli nokha m'chipinda. Musatenge screenshot. Musalijambule pepalalo ndi kamera. Musadzitumizire mawuwo pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo musawasunge ngati kauthenga m'foni. Zithunzi zambiri zimakwera zokha ku Google Photos kapena iCloud, moti amene waba akaunti yanu waba ndi mawu omwe. Kumayambiriro kwa 2025 kampani ya Kaspersky idaulula pulogalamu yoipa imene idaitcha SparkCat, yomwe idabisala m'mapulogalamu ena a pa Google Play ndi App Store. Ntchito yake idali yowerenga zithunzi za m'foni kufunafuna mawu oterewa.

Pepala nalo lili ndi adani ake: chiswe, denga lodontha, moto, mwana wofuna pojambulapo, ndi wosesa m'nyumba amene waliona ngati chinyalala. Lembani mapepala awiri, muwakulunge m'pulasitiki, muwasunge malo awiri osiyana. Amene akusunga zochuluka amakhomerera mawuwo pa kachitsulo kosachita dzimbiri. Papepalapo musalembe dzina la ndalama kapena la pulogalamu.

Ndipo apa ndigogomeze: musalole kuti wina akutsegulireni chikwama. Tidazolowera kupatsa foni mnyamata wa pamsika kapena mdzukulu wodziwa za mafoni kuti atiikire zinthu, ndipo pa nyimbo kapena WhatsApp palibe vuto. Pa chikwama cha crypto, amene waona mawuwo wasanduka mwini mnzanu wa ndalamazo mpaka kalekale, ngakhale lero atakhala wachilungamo. Ngati wina adakutsegulirani kale, tsegulani china nokha, musamutse ndalama lero lomwe. Mukamapita ndi foni kokakonzetsa, yambani mwatsimikiza kuti pepala lanu lilipo, kenako chotsani pulogalamuyo.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalemba molondola?

Yesani. Ikani ndalama yochepa, yoti itatayika simungadandaule. Kenako chotsani pulogalamuyo, muiikenso, musankhe pobwezeretsa chikwama chakale, mulowetse mawu a papepala. Ndalama ija ikaoneka, mwalemba bwino. Ikapanda kuoneka, kulibwino mwadziwa lero kusiyana n'kudzadziwa tsiku limene foni yabedwa. Sindingalangize munthu kuika ndalama zenizeni m'chikwama chimene sadachiyese chonchi.

Foni ikabedwa?

Ngati pepala lilipo, ndalama sizinapite. Pezani foni ina, ikani pulogalamu yomweyo, lowetsani mawu. Koma musalekere pomwepo: tsegulani chikwama chatsopano cha mawu atsopano, musamutsiremo zonse, chifukwa foni yakale ija idakali ndi makiyi ndipo simudziwa kuti wakubayo afika nayo pati. Chimene chimam'chedwetsa ndi loko wa foni, ndiye PIN ikhale ya manambala 6 kapena kuposa, isakhale chaka chimene mudabadwa, ndipo pulogalamuyo ikhale ndi PIN yakeyake yosiyana. Kutseketsa SIM n'kofunika chifukwa cha ndalama za pafoni ndi za kubanki, koma chikwamachi sichidalira nambala ya foni.

Mukabwezeretsa mawu m'pulogalamu ya kampani ina n'kuona ziro, musafulumire kulira. Mapulogalamu ena amayang'ana maadiresi osiyana ochokera pa mawu omwewo. Bwererani ku imene mudayamba nayo.

Nanga likatayika ndi pepala?

Foni ikadalipo, muli ndi mwayi: tsegulani chikwama chatsopano n'kusamutsa ndalama, poti simukudziwa amene watola pepalalo. Zikatayika zonse ziwiri, zathera pomwepo. Palibe khoti, banki kapena katswiri amene angazitulutse. Zimangokhala m'kaundula, aliyense n'kumaziona, popanda wozisuntha. James Howells wa ku Newport, ku Wales, adatha zaka zoposa 10 akupempha chilolezo chokumba dzala la zinyalala la mzindawo, kumene hard drive yake yokhala ndi makiyi a ma Bitcoin pafupifupi 8,000 idatayidwa mu 2013. Mu Januwale 2025 khoti lidaukana mlandu wake. Ndipo samalani ndi anthu amene amati amabweza crypto yotayika mukawalipira kaye. Amenewo amasaka anthu oberedwa kale kuti awaberenso.

Pulogalamu yabwino ndi iti, ndipo yeniyeni ndiizindikira bwanji?

Zimatengera chimene mukufuna kusunga. BlueWallet ndi ya Bitcoin yokha. Phoenix ndi ya Bitcoin pa njira ya Lightning, yotumizira ndalama zing'onozing'ono mwachangu. MetaMask idayamba mu 2016 ngati chikwama cha Ethereum. Trust Wallet ndi Exodus zimanyamula mitundu yambiri. Kwa woyamba kumene, ine ndimakonda yochita zochepa, chifukwa mabatani akachepa polakwitsa pamachepanso.

Zabodza zilipo, ngakhale m'masitolo ovomerezeka. Mu 2021 pa App Store padapezeka pulogalamu yonamizira dzina la Trezor, panthawi imene kampaniyo idalibe n'komwe pulogalamu ya iPhone, ndipo amene adalowetsamo mawu awo adaberedwa. Choncho yambirani pa webusaiti ya kampani, adiresi yake mutalemba nokha, n'kutsatira linki yopita ku Google Play kapena App Store. Onani dzina la wopanga ndi kuchuluka kwa amene adaiika kale. Fayilo ya APK yobwera pa WhatsApp kapena Telegram, kapena yogawiridwa ndi mnzanu pofuna kupulumutsa bandulo, isayandikire ndalama zanu.

Kulandira ndi kutumiza kumayenda bwanji?

Polandira mumapereka adiresi, mzere wautali wa zilembo ndi manambala, kapena QR code yake. Amene ali nayo angathe kukuikirani ndalama koma sangachotse. Maadiresi a Bitcoin amayamba ndi 1, 3 kapena bc1. A Ethereum amayamba ndi 0x. A Tron amayamba ndi T.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa netiweki. USDT ndi dzina limodzi, koma imayenda pa manetiweki angapo: pa Tron imatchedwa TRC-20, pa Ethereum ERC-20, pa BNB Smart Chain BEP-20. Wotumiza ndi wolandira agwirizane kaye netiweki asanadine chilichonse. Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti adiresi ya Ethereum ndi ya BNB Smart Chain zimaoneka chimodzimodzi, zonse 0x. Mukasokoneza ziwirizi potumiza ku chikwama chanu chodzisungira, kawirikawiri ndalama zimapezeka mukasintha netiweki m'pulogalamu, poti kiyi ndi yemweyo. Mukasokoneza potumiza ku kampani imene silandira netiwekiyo, zimatengera iwo kufuna kukuthandizani, ndipo nthawi zina sizibwerera.

Nthawi zonse yambani mwatumiza pang'ono. Zikafika, tumizani zotsalazo.

USDT ikuoneka m'chikwama koma ikukana kutuluka. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri mulibe yotumizira. Netiweki iliyonse imalipiritsa ndi ndalama yakeyake: pa Tron ndi TRX, pa Ethereum ndi ETH, pa BNB Smart Chain ndi BNB. Mungakhale ndi USDT ya madola 500 koma osatha kusuntha ngakhale dola imodzi chifukwa mulibe TRX. Ndalama imeneyi ndi ya netiweki, si ya eni pulogalamu, ndipo mtengo wake umasinthasintha. Pa Bitcoin, yotumizira sitengera kuchuluka kwa ndalama zimene mukutumiza, moti kutumiza zochepa kwambiri pa nthawi imene otumiza achuluka kumakhala kuluza. Lightning idabwera pofuna kuthetsa vuto limeneli.

Ndikalakwitsa adiresi, ndingaimbire ndani kuti abweze?

Palibe. Pa Mpamba kapena Airtel Money mungathamangire kukadandaula, ndipo nthawi zina ndalama zimabwezedwa. Pa blockchain zikatsimikizika zapita, pokhapokha wolandirayo akhale ndi mtima wobweza. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, nthawi zambiri pulogalamu imakana yokha. Choopsa ndi adiresi yolembedwa bwino koma ya munthu wolakwika. Pali mavairasi amene amachotsa adiresi imene mwakopera n'kuikapo ya wakuba. Palinso chinyengo china chochenjera: wakuba amakutumizirani kandalama kochepetsetsa kuchokera pa adiresi imene zilembo zake zoyamba ndi zomaliza zikufanana ndi za munthu amene mumam'tumizira kawirikawiri, poyembekeza kuti tsiku lina mudzakopera adiresi pa mndandanda wa zimene zidalowa ndi kutuluka. Musamakopere pamenepo. Funsani adiresi kwa mwini wake, ndipo yerekezani zilembo zoyamba, zapakati ndi zomaliza musanatsimikize.

Akathyali amabwera m'njira zanji?

Tonse tikuwadziwa mauthenga aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Chinyengo cha crypto n'chamtundu womwewo, kungoti chimabwera chitakonzedwa mwaluso kwambiri.

Pali wothandiza wabodza. Mukangodandaula pa Facebook, X kapena Telegram kuti chikwama chikuvuta, wina amakulemberani kumbali ali ndi chizindikiro cha kampani, n'kukupatsani fomu yoti mulembemo mawu 12 kuti akukonzereni vutolo. Palibe kampani yoona imene imafunsa mawuwo. Malo okhawo amene mawuwo amalowa ndi m'pulogalamu yeniyeni, pobwezeretsa chikwama, mwa kufuna kwanu.

Ena safuna n'komwe mawu. Mumapeza m'chikwama ndalama yachilendo imene simudagule, dzina lake lili ndi adiresi ya webusaiti, kapena mumamva za mphatso yaulere. Mukalumikiza chikwama ku webusaitiyo, imakupemphani kuvomereza kena kake, ndipo chimene mukusainacho ndi chilolezo choti iwo azichotsa USDT yanu mopanda malire. Zachilendo zoterozo zisiyeni pomwe zilipo. Zilolezo zakale za pa Ethereum mungazione n'kuzifafaniza pa Revoke.cash kapena Etherscan.

Msampha wina umakola dyera. Munthu amalemba poyera mawu ake 12 ngati wosadziwa, inu mukatsegula n'kupezadi USDT yambiri, koma mulibe TRX yotumizira. Mukangoikamo TRX yanu imasesedwa, ndipo USDT ija situluka.

Ndiye pali chakale kwambiri, cha phindu lotsimikizika. Mirror Trading International ya ku South Africa inkalonjeza kuti kompyuta yake ikuchulukitsa Bitcoin ya anthu mwezi ndi mwezi, wobweretsa mnzake n'kumapatsidwa bonasi. Idagwa kumapeto kwa 2020, mkulu wake Johann Steynberg n'kuthawira ku Brazil. Chikwama chodzisungira sichiteteza ku zoterezi, chifukwa wotumiza ndinu nomwe ndi chala chanu. N'chimodzimodzinso ndi bwenzi la pa intaneti limene simudalionepo, loyamba ndi mawu achikondi n'kumalizira pokuphunzitsani kochulukitsira ndalama.

USDT ndi dola, si choncho? Ndiye palibe chodetsa nkhawa?

N'zomveka kuti anthu amaifuna. Kwacha ya Malawi idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene adaona ndalama zake zikutha mphamvu amafunafuna pothawira. Koma USDT si dola. Ndi lonjezo la kampani ya Tether loti ili ndi chuma chokwanira kuseri kwa USDT iliyonse. Kampaniyo ili ndi mphamvu yotseka USDT ya pa adiresi iliyonse, ngakhale ya chikwama chodzisungira, ndipo imachitadi zimenezi apolisi akaipempha. Kampani ya Circle, mwini wa USDC, ndalama ina yofanana ndi USDT, nayonso ili ndi mphamvu yomweyo. USDC idatsika kufika pansi pa masenti 90 mu Malichi 2023 Silicon Valley Bank itagwa, kenako n'kubwerera. TerraUSD, inanso yotsatira mtengo wa dola, idagwa mu Meyi 2022 ndipo sidadzukenso.

Bitcoin palibe kampani ingaitseke, koma mtengo wake sukhazikika: idafika pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021, patatha chaka n'kutsika kufika pansi pa 17,000. Ndalama ya fizi, ya lendi kapena ya feteleza isalowe m'menemo.

Kodi anthu angaone zimene ndili nazo?

Inde. Wodziwa adiresi yanu angailowetse pa Tronscan, Etherscan kapena mempool.space n'kuona zonse zimene zidalowa ndi kutuluka. Dzina lanu silionekapo, koma amene mudam'patsa adiresi akudziwa kale kuti ndi yanu. Zikwama za Bitcoin zimapereka adiresi yatsopano nthawi iliyonse yolandira, ndipo ndi bwino kutsatira zimenezo. Pa Tron ndi Ethereum nthawi zambiri imakhala imodzi yomweyo. Musamaonetse anthu balansi yanu. Munthu wodziwika kuti wanyamula chuma m'foni angathe kukakamizidwa kuitsegula, ndipo zikatuluka sizibwerera.

Ndingazisinthe bwanji kukhala makwacha, ndipo boma likuti chiyani?

Chikwama chimasunga ndi kutumiza, sichitulutsa makwacha. Pamafunika wogula. Ambiri amadzera pa misika ya P2P, pomwe kampani imagwirizira crypto mpaka wogulitsa atatsimikiza kuti walandira ndalama. Musamasule crypto chifukwa cha SMS kapena chithunzi cha risiti; lowani nokha mu akaunti ya kubanki kapena ya pafoni muone ngati zalowadi. Wokuuzani kuti mukamalizire malonda pa WhatsApp, kunja kwa msikawo, mukaneni. Amene ali ku Joni n'kumaganiza zotumiza ndalama kumudzi m'njira imeneyi awerengere zonse: mtengo wogulira, wotumizira, wogulitsira, komanso ngati wolandirayo angathe kudziteteza ku zachinyengo zonsezi. Ngati wolandira ndi mayi okalamba amene foni yawo imagwiridwa ndi aliyense pakhomo, njira zozolowereka monga Mukuru n'zosavutitsa.

Pa za malamulo, Reserve Bank of Malawi idachenjeza mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka ku Malawi, ndipo Bank of Zambia idanena zofanana mu 2018. Tanthauzo lake n'loti palibe wokakamizidwa kuilandira, ndipo mukaberedwa banki yaikulu sikuimirirani. Malamulo a ndalama zakunja saleka kugwira ntchito chifukwa chakuti malondawo achitikira pafoni. Ku South Africa, bungwe la FSCA lidaika crypto m'gulu la zachuma zimene limayang'anira mu Okutobala 2022, ndipo makampani ogulitsa amafunika laisensi. Bungwe la misonkho la SARS limafuna msonkho pa phindu, monga imachitira HMRC ku Britain. Malamulowa akusintha, choncho werengani chilengezo chatsopano cha banki yaikulu ya kumene mukukhala musanachite malonda aakulu.

Ndi ndalama zingati zoyenera kukhala pafoni?

Zimene mungalole kuyenda nazo m'thumba mukamapita kutauni. Foni imene mumaonerapo TikTok, kubetcherapo mpira, kubwereketsa ana ndi kutsegulirapo malinki a m'magulu a WhatsApp si malo osungira thukuta la zaka. Zikachuluka, pali kachipangizo kotchedwa hardware wallet, monga Trezor ya ku Czech Republic kapena Ledger ya ku France, kamene kamasunga makiyi kutali ndi intaneti. Foni kapena kompyuta imangokonza zotumiza, kusaina kumachitikira m'kachipangizoko. Kaguleni kwa opanga kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo kakabwera ndi mawu olembedwa kale m'bokosi, dziwani kuti ndi msampha. Amene sangakapeze angagwiritse ntchito foni yachiwiri, yopanda masewera ndi WhatsApp, yosungidwa kunyumba. Siyofanana ndi hardware wallet, koma ikuposa kutali foni ya tsiku ndi tsiku. Foni imene opanga adasiya kuitumizira ma update achitetezo isasungidwe zochuluka.

Ndikamwalira, ana anga adzazipeza bwanji?

Sadzazipeza pokhapokha mutakonzeratu. Kubanki, achibale amapita ndi kalata ya imfa ndi mapepala a kukhoti kapena kwa DC, ndalama n'kutuluka. Blockchain sidziwa maliro, sidziwa mkazi wamasiye kapena mwinimbumba. Nkhani ya imfa timaopa kuikamba, koma apa kukhala chete kungasiye chuma chitatsekeka m'kaundula pamene ana akusowa fizi.

Musalembe mawu 12 mu wilo, poti wilo imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mu wilo mungonena kuti chumacho chilipo ndi amene adzachilandire. Padera lembani kalata yosavuta kumva: dzina la pulogalamu, mtundu wa ndalama ndi netiweki yake, kumene pepala la mawu lili, ndi chenjezo loti asaonetse mawuwo kwa aliyense wodzipereka kuthandiza. Kalatayo ndi pepala la mawu zisakhale malo amodzi. Ngati mudawonjezera passphrase, mawu apadera amene zikwama zina zimalola pamwamba pa 12 aja, dziwani kuti popanda iwo pepala lija lidzatsegula chikwama china chopanda ndalamazo, choncho nawonso akhale ndi njira yofikira kwa wolandira chumacho. Kenako khalani pansi ndi munthu mmodzi amene mumam'khulupirira, mutsegule naye chikwama china chophunzirira, muikemo ndalama yochepa, ndipo achichotse n'kuchibwezeretsa yekha inu mukuona, mpaka manja ake atazolowera.